Musatipatse madzi ndi singano pamene tikupempha mankhwala

A Mkonzi,

Nyuzipepala yanu imatifika mochedwa kuno kwa Nyalugwe, itadutsa m'manja ambiri, koma ikafika timaiwerenga yonse, ndipo amene sadziwa kuwerenga timawawerengera. N'chifukwa chake ndakwiya ndi nkhani imene munaika pa tsamba la zaumoyo mwezi watha, yotamanda njira ya ku China yobaya timasingano m'thupi, ija amati acupuncture, pamodzi ndi timadzi ndi timibulu ta m'mabotolo ta homeopathy. Wolemba wanu anati njira ziwirizi zikuthandiza odwala m'zipatala zing'onozing'ono za ku Ulaya, n'zotsika mtengo, sizivulaza munthu, ndipo anamaliza ndi kupempha boma kuti liphunzitse anamwino a m'makiliniki a kumidzi kuzigwiritsa ntchito popeza mankhwala amasowasowa. Pamenepo ndi pamene mtima wanga unanyamuka. Kodi mukanalemba zimenezi za anthu olemera a ku Kabulonga mu Lusaka? Iwo mankhwala akasowa mumafunsa nduna kuti ndalama zapita kuti. Ife a kutali ndi msewu wa tala akasowa mukuti tipatsidwe china chilichonse chooneka ngati mankhwala.

Ine sindine dokotala. Ndinali mphunzitsi, ndipo nditapuma ntchito anthu a m'mudzi anandiika mu komiti yathu ya zaumoyo. Zimene zimabwera pa khonde la kiliniki m'mawa ndimazidziwa. Ndi ana otentha thupi, ena atayamba kale kukomoka. Ndi makanda obanika ndi chibayo, ana otsegula m'mimba maso atalowa, amayi oyembekezera otupa miyendo, achikulire a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, odzatenga ma ARV, ndi wina amene njoka yamuluma kumunda. Kufupi ndi Luangwa kuli akashembe, ndiye pakati pa otentha thupi pakhoza kupezeka wa kaodzera, amene akangomuganizira malungo basi amapita. Wolemba wanu sanatchule ngakhale amodzi mwa matenda amenewa. Zitsanzo zake zinali msana, mutu, chimfine ndi kusowa tulo kwa azungu amene ambulansi imawapeza pakhomo asanamalize kuvala nsapato.

Ndiyambe ndi homeopathy, chifukwa anthu kuno akuiyesa mankhwala azitsamba a chizungu. Si zitsamba ayi. Anaiyambitsa ndi dokotala wa ku Germany, Samuel Hahnemann, amene anafalitsa maganizo ake mu 1796. Zoseketsa n'zakuti zonse zinayambira pa malungo. Iye anamwa khungwa la mtengo wa cinchona, umene kwinini amachokerako, ali bwinobwino, n'kumva zizindikiro zimene anaziona ngati za malungo. Basi anagamula kuti chinthu chimene chimadwalitsa munthu wamoyo wabwino chingachize wodwala amene ali ndi zizindikiro zofanana nazo. Popeza zambiri zimene ankagwiritsa ntchito zinali poizoni, anayamba kuzisungunula. Amatenga dontho limodzi n'kulisakaniza ndi madontho 99 a madzi kapena mowa, n'kukhutchumula. Pamenepo amatenganso dontho limodzi n'kuliika m'madontho ena 99. Botolo lolembedwa 30C ndiye kuti achita zimenezi ka 30. Akatswiri a sayansi amawerengera kuti pofika ka 12 nthawi zambiri simukhalanso ngakhale kachidutswa kamodzi ka chinthu chija anayamba nacho. Mutataya kamchere ka pakati pa zala ziwiri pa mlatho wa Luangwa, wina n'kukatunga madzi ku Feira kumene mtsinjewo umathira mu Zambezi, m'kapu mwakemo mungakhale mchere wanu wambiri kuposa mankhwala amene ali m'botolo la 30C. Timibulu toyera tija ndi shuga amene amudonthezera madzi amenewo.

M'masiku a Hahnemann madokotala ankakhetsa odwala magazi ndi kuwamwetsa mercury, ndiye wodwala amene wangopatsidwa madzi n'kusiyidwa kuti apume ankapulumuka kuposa mnzake. Ulemu umenewo timupatse. Koma chimenecho chinali chaka cha 1796.

Nanga odwala a ku Ulaya amene akuti anapeza bwino aja akunama? Sakunama. Kafukufuku wotchuka wa mtundu umenewu anachitikira pa chipatala cha homeopathy cha ku Bristol ku England ndipo anatuluka mu 2005. Anatsatira odwala 6,544, ndipo pafupifupi 70 pa 100 aliwonse anati akumvako bwino. Chimene chinasowa ndi gulu lina loyerekezera nalo, la odwala ofanana nawo amene sanalandire timibuluto. Chimfine chimatha chokha, kumwa kanthu kapena osamwa. Nyamakazi imakula mwezi wozizira n'kuchepa kukatentha. Munthu amapita kukafuna thandizo tsiku limene ululu wafika pachimake, ndipo masiku otsatira, mwachibadwa, umatsikako. Amene anamupatsa kanthu komaliza ndi amene amatenga ulemu. Onjezani kuti wa homeopathy amakhala nawe pansi nthawi yaitali, kukufunsa za tulo, za maloto, za chakudya chimene umakonda. Ndani sangatuluke mtima uli m'malo?

Akatswiri atayesa moyenera, ena kuwapatsa timibulu ta homeopathy, ena timibulu ta shuga wamba, popanda wodwala kapena dokotala kudziwa kuti wina walandira chiyani, kusiyana kunazimirira. Magazini ya madokotala ya The Lancet mu 2005 inayerekeza kafukufuku 110 wa homeopathy ndi 110 wa mankhwala a kuchipatala, n'kupeza kuti zotsatira za homeopathy zikufanana ndi za mapiritsi opanda mankhwala. Mu 2015 bungwe la boma la Australia loona za kafukufuku wa zaumoyo, la NHMRC, litasanthula kafukufuku 176 wokhudza matenda 61, linanena kuti palibe nthenda ngakhale imodzi imene pali umboni wodalirika wakuti homeopathy imachiza. Mu 2017 a zaumoyo ku England analangiza madokotala awo kuti aleke kuilembera odwala. France, kumene anthu amaikonda zedi, inasiya kubwezera anthu ndalama zogulira timibuluti kuyambira mu Januwale 2021. Zimene eni ake akuchotsa m'zipatala zawo ndi zimene nyuzipepala yanu ikuti zibwere ku Nyimba.

Chimene chandipweteka koposa n'chakuti chenjezo lokhudza ife lilipo kale ndipo simunalitchule. Mu Ogasiti 2009, madokotala ndi asayansi achinyamata a ku Britain ndi a kuno ku Africa atadandaula kuti homeopathy ikufalitsidwa pakati pa anthu osauka, bungwe la WHO linanena poyera kuti isagwiritsidwe ntchito pochiza chifuwa chachikulu, HIV, malungo, chimfine choopsa ndi kutsegula m'mimba kwa makanda. Werenganinso mndandanda umenewo, A Mkonzi. Amenewo ndi matenda a pa khonde la kiliniki yathu.

Mwina mudzati madzi savulaza. Madziwo okha savulazadi, chovulaza ndi tsiku limene latayika. Malungo a kwathu kuno akhoza kupha mwana pasanathe maola 24 ngati salandira mankhwala oyenera. Mayi amene ali ndi kabotolo m'nyumba, atauzidwa kuti kamatsitsa kutentha kwa thupi, sabereka mwana kuyenda ulendo wautali usiku. Amadikira kuche, kenako amadikira kuti aone ngati timadzito tigwire ntchito. Pamene akufuna ngolo kapena njinga yamoto, mwana wauma kale khosi, ndipo ngati ndi dzinja mitsinje yadzaza.

Zayamba kale kuchitika. Pa tsiku la msika kwafika anyamata ovala makhoti oyera, ali ndi kamakina kolumikiza ku kompyuta kamene munthu amangogwira m'manja, ati kamaona matenda onse a m'thupi. Aliyense amene wagwira amapezeka ndi impso zofooka ndi magazi akuda. Pa tebulo pawo panali mabotolo, ndipo pambali pa mabotolowo panali tsamba lanu lija, atalikuta ndi pulasitiki kuti lisang'ambike. Amene wakayika ankamuonetsa kuti ngakhale nyuzipepala yavomereza. Mlamu wanga, amene wakhala akumwa mapiritsi a kuthamanga kwa magazi kwa zaka zambiri, anagulitsa mbuzi n'kugula mabotolo, ndipo mapiritsi ake anawasiya chifukwa anamuuza kuti sizimwedwa pamodzi. Tinazindikira mwendo ndi mkono zitayamba dzanzi. Ali moyo, wabwerera ku mapiritsi ake, koma khasu sakuligwiranso ngati kale. Anyamata aja sanasiye keyala. Inu keyala yanu tikuidziwa, n'chifukwa chake ndalembera inu.

Si koyamba kuti anthu athu athamangire chikho cha chiyembekezo. Achikulire akukumbukira 1995, pamene chinamtindi cha anthu chinakhamukira ku Machinga ku Malawi kukamwa mchape wa Billy Chisupe, wakuti umachiza Edzi. Akukumbukiranso Tetrasil, amene anatchuka mu Lusaka mu 2007 ngati mankhwala a Edzi mpaka boma linalengeza kuti ndi mankhwala oyeretsera madzi a m'madamu osambiramo. Nthawi imeneyo ma ARV anali atayamba kuperekedwa ulere, ndipo mantha a madokotala anali akuti anthu awasiya. Amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma ife alendo ena atimeta nako ndalama.

Za singano ndilankhula mosiyana, chifukwa chilungamo chikufuna choncho, ndipo kulakwa kwina kwa wolemba wanu kunali kusakaniza zinthu ziwirizi ngati n'chimodzi. Singano ndi chinthu chenicheni cholowa m'thupi, ndipo pa matenda ena a ululu wokhalitsa pali umboni wakuti anthu amapezako mpumulo. Koma umboniwo uli ndi mchira umene simunauonetse. Ku Germany anachita kafukufuku wamkulu wotchedwa GERAC, ndipo zotsatira zake pa za msana zinatuluka mu 2007. Odwala 1,162 a msana wosatherapo anawagawa patatu. Ena anawabaya m'malo enieni amene mabuku a ku China amanena. Ena anawabaya pamwambamwamba, m'malo olakwika dala. Ena analandira chithandizo cha masiku onse, monga mapiritsi ndi mafizo. Patatha miyezi 6, amene anapeza bwino anali pafupifupi 48 pa 100 m'gulu loyamba, 44 m'gulu lachiwiri ndi 27 m'gulu lachitatu. Otamanda singano amaloza 48 ndi 27 n'kuomba m'manja. Ine maso anga ali pa 48 ndi 44. Ngati kubaya pamalo olakwika kukuthandiza pafupifupi mofanana ndi kubaya pamalo oyenera, ndiye kuti mphamvu yaikulu siili m'mapu a njira za m'thupi amene amaphunzitsa aja. Ili m'kugonekedwa pansi, kugwiridwa, kusamalidwa ndi munthu amene sakuthamangira kwina. Germany inavomera kulipirira singano pa msana ndi mawondo. Ku England bungwe la NICE, lolangiza za chithandizo, linaichotsa pa za msana mu 2016, koma mu 2021 linailola pa ululu wokhalitsa umene gwero lake silikupezeka. Eni kafukufuku akukanganabe, ndipo mkangano wawo uli pa ululu basi. Palibe mwa iwo amene akuti singano imapha tizilombo ta malungo kapena ta chibayo.

Tinene kuti pa msana zimathandizadi. M'kafukufuku wa ku Germany uja wodwala ankabwera maulendo 10, kawirikawiri kawiri pa sabata, ulendo uliwonse mphindi 30. Tsopano ganizirani gogo wa kwa Nyalugwe amene msana wake wapindika ndi khasu ndi mitolo ya nkhuni. Ayende wapansi kupita ndi kubwera kawiri pa sabata nthawi yopalira? Msana umene wapeza bwino pa bedi la kukiliniki ukafike bwanji kunyumba? Nanga namwino amene ali yekha, amene usiku wachezera kubereketsa, m'mawa akuyeza malungo, kupereka katemera ndi kulemba m'mabuku, mphindi 30 za munthu mmodzi azitenga kuti pamene panja pali mzere wofika ku mtengo wa mango?

Palinso zoopsa zimene munazibisa ponena kuti sizivulaza. Singano yolowa kwambiri pachifuwa kapena pamsana ikhoza kuboola mapapo, ndipo zoterezi zalembedwapo m'mabuku a madokotala. Singano yobwerezedwa imafalitsa matenda a chiwindi a hepatitis B ndi HIV. Ife tatha zaka zambiri tikupempha anthu kuti potema mphini asagwiritse lezala limodzi pa anthu awiri, ndipo uthengawo unayamba kumveka. Lero mukuti tibweretse timasingano tambirimbiri pa munthu mmodzi, kumalo kumene ngakhale magolovesi amatha. Choopsa china n'chakuti kuno msana si msana chabe. Ukhoza kukhala chifuwa chachikulu cha m'mafupa, impso, kapena kwa amayi khansa ya khomo la chiberekero, imene yatha amayi ambiri m'Zambia muno. Wodwala woteroyo amafunika womuyeza ndi kalata yomutumiza ku chipatala cha boma ku Nyimba kapena ku Kalindawalo ku Petauke. Kuziziritsa ululu wake ndi kumuchedwetsa. Madokotala a ku China akhala akubwera kudzagwira ntchito m'Zambia kuyambira 1978, ndipo amene akufuna singano kwa munthu wophunzira, m'chipatala chachikulu chokhala ndi zoyezera, atayezedwa kale, ine ndilibe naye mlandu. Koma Lusaka ali pa mtunda wa makilomita oposa 300 kuchokera ku Nyimba, ndipo amene adzafike kuno ndi singano chifukwa cha nkhani yanu si madokotala amenewo.

Ndikudziwa kuti ena adzati mphunzitsi wokalambayu amanyoza nzeru za makolo ndi za anthu a kum'mawa, amangopembedza za azungu. Ayankhidwe ndi Coartem, amene anzathu a ku Malawi amati LA. Mankhwala amenewa gwero lake ndi chitsamba cha ku China chotchedwa qinghao. Mayi wina wasayansi, Tu Youyou, ndi anzake anafufuza njira zakale zochizira zoposa 2,000, ndipo mfundo imene inawatsegula maso anaipeza m'buku la Ge Hong lolembedwa zaka zoposa 1,600 zapitazo. Zambiri mwa njira zimenezo zinalephera ndipo anazisiya. Chitsamba chimodzi chinapambana, anachiyesa pa mbewa, anachiyesa pa iwo eni, kenako pa odwala, ndipo pofika 1972 anali atapatula artemisinin. Mu 2015 mayiyu analandira mphoto ya Nobel. Zambia inali dziko loyamba mu Africa kusankha Coartem kukhala mankhwala oyamba a malungo, mu 2002, chloroquine atasiya kugwira ntchito. Ana athu ambiri ali moyo chifukwa cha chitsamba cha ku China chimene chinalola kuyesedwa. Muyeso umenewo ndi umene ndikupempha pa chilichonse chofuna kulowa m'kiliniki yathu, chichokere ku Beijing, ku Germany kapena kuthengo la kwathu konkuno. Homeopathy yayesedwa kwa zaka zambiri ndipo yalephera.

Ndipo asing'anga athu, amene ali ndi bungwe lawo la THPAZ, ambiri anaphunzira kutumiza kuchipatala mwana wokomoka kapena munthu wotsokomola magazi. Sing'anga wa m'mudzi tikumudziwa kwawo, akalakwa timakamusumira kwa a nyakwawa, nkhani ikakula imafika kwa Amfumu. Wa khoti loyera wa pamsika tikamusumire kwa yani?

Chinthu chimodzi wolemba wanu ananena zoona: anthu amathawa kukiliniki chifukwa samvedwa. Munthu wayenda kuyambira tambala woyamba, akalowa asanamalize kufotokoza amupatsa kale Panado, mwinanso kapepala kakuti akagule yekha ku sitolo ya mankhwala ku boma. Boma linachotsa malipiro m'zipatala za kumidzi mu 2006, koma kapepala kameneko ndi malipiro obwerera pakhomo la kuseri. Wogulitsa mabotolo amapambana chifukwa amamwetulira, amakutchula kuti amayi kapena atate, ndipo amakufunsa mafunso. Chofunika pamenepa ndi anamwino okwanira kuti akhale ndi nthawi yomvetsera, nyumba zawo zogona kuti asathawe, ndi mashelefu odzaza. Mu 2022 boma linalemba ntchito anthu a zaumoyo oposa 11,000. Mtolankhani wofuna kutithandiza akanafufuza kuti mwa amenewo ndi angati anafika kumakiliniki a m'chigwa ndipo ndi angati akadalipo.

Ngati nkhawa yanu inali mtengo, zotsika mtengo zogwira ntchito zilipo ndipo zinayesedwa konkuno. Kit Yamoyo, kapaketi ka ORS ndi zinc ka ana otsegula m'mimba, anakayesera ku Katete ndi ku Kalomo kuyambira 2012. Ku Serenje, mu 2017 ndi 2018, anthu odzipereka a m'midzi anaphunzitsidwa kuika mankhwala a artesunate kumbuyo kwa mwana wodwala malungo aakulu, n'kumuthamangitsira kuchipatala pa njinga za ambulansi, ndipo oyendetsa ntchitoyo ananena kuti imfa za ana oterewa zinatsika ndi 96 pa 100. Masikito, katemera, tizipangizo toyezera malungo pa chala, mjigo wa madzi abwino: zonsezi n'zodziwika, chosowa ndi kuzifikitsa. Ndalama zachitukuko za CDF zinakwera kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense mu 2022 ndipo zinakweranso m'zaka zotsatira. Tsamba lija mukanalemba mmene ndalamazo zagwirira ntchito pa zaumoyo ku Nyimba ndi ku Petauke, tikanalikuta ife ndi pulasitiki n'kupita nalo ku msonkhano wa khansala.

Pempho langa ndi ili. Sindikizani kalata ino pa tsamba lomwe lija, osati pakona pansi pa zotsatira za mpira. Lembani momveka, m'chinenero chimene agogo angamve tikamawawerengera, kuti homeopathy sichiza malungo, chifuwa chachikulu, HIV, shuga kapena kuthamanga kwa magazi, ndipo munthu asasiye mankhwala a kuchipatala chifukwa cha botolo kapena singano. Funsani a ZAMRA, amene lamulo la 2013 linawapatsa udindo woyang'anira mankhwala m'dziko muno, ngati mabotolo akugulitsidwa m'misika ya m'mbali mwa Great East Road analembetsedwa kwa iwo. Funsaninso a HPCZ, amene amapereka zilolezo kwa ogwira ntchito zaumoyo, kuti munthu wovala khoti loyera n'kumauza anthu matenda awo pamsika ali ndi chilolezo cha mtundu wanji. Mayankho awo muwasindikize. Ndiponso tiuzeni ngati nkhani ija inali ya mtolankhani wanu kapena inalipiridwa ndi ogulitsa, chifukwa pansi pake panali nambala ya foni, ndipo ife owerenga tili ndi ufulu wodziwa.

Wolemba wanuyo ngati akufuna kuona chithandizo cha tsiku ndi tsiku cha kumudzi, akwere basi ya ku Chipata, atsike pa Kacholola, afunse njira ya kwa Nyalugwe. Abwere mu Febuluwale kapena Malichi, malungo ali pachimake, adzakhale pa khonde la kiliniki kuyambira m'mawa mpaka namwino atatseka buku. Malo ogona ndi nsima tidzamupatsa ife a komiti.

Ine wanu wodandaula,
Mphunzitsi wopuma,
Kwa Nyalugwe, Nyimba